Yankho Limene Alefa Analikana

MUTU 9

1. Sikelo ya ku Makata

Tsiku lachionetsero linagwa Loweruka. Alefa Likoswe, mtsikana wa Fomu 3, analawirira kusita yunifolomu yake ndi simbi yamakala chifukwa magetsi ku Chigumula anali atathima. Ankangosita kolala imodzimodziyo mpaka inayamba kununkha kupserera.

"Iwe, malaya amenewo akulakwira chiyani?" anafunsa bambo ake, a Likoswe, ali pakhonde akupukuta nsapato.

"Palibe, bambo."

Chinalipo ndithu. Kusukulu kwawo ku Limbe kunali kalabu ya makompyuta. Makompyutawo anapereka ndi a Bhupendra, mwini sitolo yaikulu yopikulitsa katundu, koma pofika chaka chimenecho imodzi yokha ndiyo inali kupumabe. Ana ankalemba mapulogalamu awo papepala n'kumadikira mpata wokhala pampando.

Mwana wamkazi wa a Bhupendra, a Komal, anali ndi ofesi yolemba mapulogalamu m'tauni ya Blantyre. Iwo analonjeza kutenga wophunzira mmodzi wa m'kalabuyo kuti akaphunzire ntchito pa holide yaikulu. Mmodzi basi. Otsala pa mpikisanowo anali awiri: Alefa ndi mnyamata wina dzina lake Gracian Makwinja. Tsiku limenelo ankayenera kuonetsa mapulogalamu awo pamaso pa a Komal.

A Likoswe anali atanena kale maganizo awo. Alefa akapanda kusankhidwa, za makompyuta azisiye, holide akathere kwa azakhali ake ku Thyolo, ndipo mu Fomu 4 alimbikire maphunziro ena. Bambowa sankanena chinthu kawiri.

Atamaliza nsapato anamuitana.

"Tamvera mwananga. Ine makina ndimakhala nawo tsiku lililonse ku Makata kuja, ndipo sindiwakhulupirira. Pakhomo pa nyumba yathu yosungiramo katundu panali sikelo ina. Thumba lililonse ukaikapo, inkati lakwana. Lodzaza, lakwana. Lobooledwa ndi makoswe, lakwana. Mabwana ankaikonda sikelo imene ija, ati siivuta. Tsiku lina munthu anaikapo thumba la mankhusu, sikelo n'kunenabe kuti lakwana. Titaitsegula tinapeza kuti wina anaimanga ndi waya m'kati. Ukudziwa amene anachotsedwa ntchito? Si womanga waya uja ayi, ameneyo sanapezeke. Anachotsedwa ndi amene ankaima pasikelopo, chifukwa ankaona koma ankangoti zii. Chinthu chikamakusangalatsa mopitirira muyeso, chikaikire. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Zipita. Usakatichititse manyazi."

2. Vuto la Lachinayi

Ena akangomva mawu oti sayini mutu umayamba kuwawa. Dekhani, si zaufiti.

Engo iliyonse ili ndi nambala yake yotchedwa sayini. Ya madigiri 30 ndi theka. Ya madigiri 90 ndi 1. Ndipo palibe engo padziko lino imene sayini yake imaposa 1. Kakyuleta imangoitulutsa ukadina batani. Koma mphunzitsi wa kalabu, a Namagowa, anapatsa Alefa ntchito yolemba pulogalamu yoti kompyuta iipeze sayiniyo pongophatikiza ndi kuchotsera.

Njira yake ndi iyi. Engo uisandutse kaye kuchoka m'madigiri kupita m'muyeso wina wotchedwa maradiyani, n'kuitcha x. Uyambe ndi x. Uchotsepo x wodzichulukitsa katatu wogawidwa ndi 6. Uphatikizepo x wodzichulukitsa kasanu wogawidwa ndi 120. Uchotsenso china, uphatikizenso china. Zimakhala ngati wogula ndi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe: uyu akweza, uyu atsitsa, pang'onopang'ono mpaka akumana pakati.

A Namagowa anali munthu wokaikira aliyense. Mwana akabwera mochedwa, ati wanama. Akabwera msanga, ati pali chimene akufuna. Popereka ntchitoyo anaima kutsogolo n'kuloza kalabu yonse ndi choko.

"Ndikudziwa zimene mukuganiza, inenso ndinali ngati inu. Kompyuta ili ndi liwu lake lokonzeratu lopezera sayini. Ukangolemba kaliwu kameneko, yankho limatuluka lokha, iwe osatuluka thukuta. Liwu limenelo ndaliletsa. Amene ndidzam'peze atalilowetsa m'pulogalamu yake, ameneyo ndi wakuba, sasiyana ndi wolowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso. Ndidzam'chotsa m'kalabu, ndipo ahedi adzam'patsa masabata okakhala kunyumba. Ndilibe nazo ntchito kuti ndi mwana wa ndani. Ndikufuna pulogalamu yopunduka koma yako, osati yothamanga ndi miyendo yobwereka."

Alefa analemba zigawo zisanu za mndandanda uja. Anayesa 30, inatuluka 0.5000. Anayesa 45, 60 ndi 90, zonse bwinobwino. Engo za m'buku zimathera pamenepo, ndipo ana ambiri akafika pamenepo amangodzuka n'kumavina.

Koma Lachinayi, pa mpata wake womaliza, chidwi chinamupweteketsa. Analemba 360. Sayini ya 360 ndi ziro, mwana aliyense wa Fomu 3 amadziwa. Kompyuta inatulutsa 11.9.

"Mayo ine!" anatero Alefa atagwira m'mutu.

Pambali pake panali mnzake wapamtima, Afsana, mwana wa a Faisal ogulitsa nsalu ku Limbe konko. Afsana anali m'kalabu koma pa mpikisano sanalowe nawo, poti bambo ake ankamufuna m'sitolo pa holide. Chichewa ankachilankhula ngati woitanira minibasi.

"Aaa iwe, mesa pa 30 yakhoza? Ndani angakufunse za 360?"

"Nanga akafunsa?"

"Onjezera zigawo zina."

"Nthawi yake iti?"

Ndi zoona, nthawi panalibe. Gracian, amene ankasunga kiyi ya chipindacho, anali ataima kale pakhomo akuiliza. "Mpata wako watha, amayi. Enanso akufuna mpando." Alefa anatuluka misozi ili m'maso. Lachisanu lonse kompyuta inali m'manja mwa ena, ndipo iye sanaikhudzenso. Anangotsimikiza mumtima kuti pachionetsero adzanena yekha kuti pulogalamu yake imasokonekera engo ikakula.

3. Manja aombedwa

Chipinda cha makompyuta chinadzaza. Panali ana a m'kalabu, aphunzitsi angapo ndi ahedi. A Komal anafika okha, mayi wamfupi wovala magalasi, wosachulukitsa zonena. Anakhala pafupi ndi kompyuta ija n'kuika foni yawo patebulo.

Gracian ndiye anayamba. Pulogalamu yake inali yopeza sikweya ruti. Inayenda bwino, ngakhale kuti pena inkachedwa ngati minibasi yodikira anthu pasiteji. A Komal anagwedeza mutu n'kumufunsa mafunso, iye n'kuyankha mosajejema.

Pobwerera kumpando wake anadutsa pafupi ndi Alefa.

"Usanjenjemere choncho, zikhala bho," ananong'ona akumwetulira.

Alefa anamuyang'ana cham'mbali. Gracian kumulimbitsa mtima? Chiyambire liti? Kumwetulira kumeneko sikunamusangalatse n'komwe.

Anakhala pampando n'kutsegula pulogalamu yake. Pasikirini panaoneka mizere yake yomwe ija, zigawo zisanu zili ndondondo. Anafotokoza za maradiyani, za kuphatikiza ndi kuchotsera. Mawu ankanjenjemera koma ankamveka.

"Tiyese 30," anatero a Komal.

Inatuluka 0.5000.

"Nanga 90?"

Inatuluka 1.0000.

Alefa anatembenukira kwa a Komal. Nthawi yonena vuto lija inali imeneyi. "Madamu, pali chinthu chimodzi chimene..."

"Dikira kaye." A Komal anakokera kiyibodi kwa iwo. "Engo za m'buku aliyense amakhoza. Tione iyi."

Analemba 400.

Alefa anatsinzina. Ankadziwa chimene chikubwera: chinambala chachikulu chochititsa manyazi, ana kuseka, Thyolo. Koma m'malo mwa kuseka anamva a Komal akuti, "Eee!"

Anatsegula maso. Pasikirini panali 0.6428.

A Komal anatenga foni, nadina mabatani, kenako anaitembenuza kuti onse aone. Nambala inali yomweyo ndendende. Chipinda chonse chinaomba m'manja. Ahedi anaimirira. Ngakhale a Namagowa, amene kumwetulira ankakuona ngati kuwononga mano, anaonetsa awiri akutsogolo.

"Wandidabwitsa," anatero a Komal. "Oyamba kumene ambiri amagwa pamenepa. Ndiye kuti unakumbukira kuchotsa 360 pa engo yaikulu isanalowe mumndandanda, eti? 400 kukhala 40?"

Abale, mayesero ena amabwera atavala bwino. Alefa anali asanaganizepo n'komwe zochotsa 360. Nayi njira imene anaisowa Lachinayi, ikuperekedwa m'manja. Ndipo naliponso bodza lophikaphika, longofunika kugwedeza mutu. Palibe akanamufunsanso. Ofesi ya m'tauni inali yake.

Anayang'ananso nambala ija. Manja anali akuombedwabe.

"Ayi, madamu," anatero. "Sindinachotse."

"Nanga unatani?"

"Palibe chimene ndinachita. Pulogalamu yangayi siingakhoze 400. Lachinayi ndinayesa 360 inandipatsa 11.9. Zigawo zisanu sizikwanira engo ikakula. Yankho ili si langa."

Oomba m'manja analeka mmodzimmodzi. Wina kumbuyo anati, "Asa! Wapenga ameneyu?"

A Komal anakankhira magalasi m'mwamba. Anagwira mausi n'kuyamba kutsitsa pulogalamu ija. Mizere ya Alefa inatha. Pansi pake panali poyera, popanda kanthu. Anatsitsabe. Poyera pokhapokha. Anatsitsabe, mpaka pansi penipeni, pamene munthu sangaganize zoyang'ana. Pamenepo panali mzere umodzi waufupi. Mzerewo unkataya yankho lonse la zigawo zisanu zija n'kuikapo la kaliwu koletsedwa kaja.



4. Kiyi

A Namagowa anayenda pang'onopang'ono mpaka pakompyuta. Anawerenga mzerewo, kenako anayang'ana Alefa kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndani analemba ichi?"

"Sindikudziwa, sala."

"Sukudziwa. Pulogalamu yako, dzina lako lili pamwamba, koma sukudziwa."

"Ndikanakhala ine, bwenzi nditanena?"

"Bwenzi utanena, inde!" anakalipa a Namagowa. "Ana inu mumationa ngati tinabadwa dzulo. Mbava yochenjera ikaona kuti mwini munda wayandikira, imayamba ndiyo kukuwa kuti wakuba. Unaona kuti amayiwa ndi odziwa ntchito, kuti afunsa mafunso ndipo akugwira. Ndiye wati bola ndidziulule ndioneke woyera. Ndaphunzitsa ana ambiri ine. Ena analira, ena analumbira pa Baibulo, mapeto ake n'kupezeka kuti ndi iwo omwe. Mwandichititsa manyazi pamaso pa mlendo amene banja lake linatithandiza. Mawa akakana kuthandizanso sukulu ino, ovutika ndi azing'ono anu. Ndikufunsanso: ndani analemba?"

Alefa anamva kutentha kumaso. Wanena zoona, wataya mwayi ndi manja ake, ndiye azitchedwanso mbava? Zinamupweteka kwambiri. Anatembenuka, ndipo maso ake anagwera pa Gracian.

"Ine chichokereni Lachinayi sindinalowemo muno, sala. Kiyi amasunga ndi Gracian. Ndipo pompano wandiuza kuti ndisanjenjemere, zikhala bho. Anadziwa bwanji? Amafuna ndigwidwe kuti malo akhale ake."

Gracian anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Ine? Alefa, ine? Ndimangokulimbitsa mtima, unkachita kunjenjemera ngati wamalungo! Sala, ndikulumbira, pulogalamu yake sindinaitsegulepo. Dzulo analowa anthu ambiri muno."

"Unawalemba mayina?" anafunsa a Namagowa.

"Ayi, sala."

"Unakhalamo nthawi yonse?"

"Ndinatulukako pang'ono kukagula zigumu."

"Zigumu! Takupatsa kiyi ya chipinda cha makompyuta, iwe n'kukagula zigumu. Bweretsa kuno."

Gracian anaitulutsa m'thumba. Inamupulumuka n'kugwa pansi, ndipo anachita kugwada kuti aitole. Ana ena anayamba kunong'onezana akumuloza ndi milomo. Amene ankakhala naye benchi imodzi anasendera kumbali.

Ahedi anakambirana ndi a Namagowa motsitsa mawu, kenako analengeza. Lolemba m'mawa Alefa ndi Gracian abwere ndi makolo awo. Wolakwa akapezeka, achotsedwa m'kalabu n'kukakhala kunyumba. Akapanda kupezeka, onse awiri atuluka m'kalabu.

A Komal anatola foni yawo. Pakhomo anaima n'kuyang'ana Alefa.

"Zigawo zisanu zija unalemba bwino," anatero. "Ndipo zimene wachita lero si aliyense angachite, ngati unachita moona. Koma muofesi mwanga mumakhala zinthu za anthu. Sindingalowetsemo munthu ndisanadziwe kuti mzere uja analemba ndani. Malo aja ndiwasunga mpaka Lolemba. Kupitirira apo, ndifuna kwina."

5. Panjira ya kudepoti

Alefa anatuluka pageti yekha. Dzuwa linali litakwera, ndipo Limbe anali m'chipwirikiti chake cha Loweruka. Malole ankatsitsa katundu kutsogolo kwa masitolo, mavenda atayala nsapato mpaka m'njira yoyenda anthu. Iye sankaona chilichonse. Ankangoyenda molunjika kudepoti.

"Alefa! Tadikira!"

Anali Afsana, akuthamanga atagwira mpango wakumutu kuti usagwe.

"Waona zimene wandichita Gracian?" anatero Alefa osaima. "Njoka yeniyeni. Lolemba ndikamuyalutsa pamaso pa mayi ake. Ndikanena zonse, ndi zoti amalowetsa anzake kukaonera mafilimu pakompyuta."

"Taima kaye."

"Ndiime chifukwa chiyani? Iwe unalipo Lachinayi, unaona mmene ananditulutsira. Ukandichitira umboni."

Afsana anamukoka dzanja mpaka pakhonde la sitolo ina yotseka. Anayang'ana uku ndi uku ngati wothawa ngongole ya mandasi.

"Si Gracian."

"Ukudziwa bwanji?"

"Ndine."

Alefa anaseka, kuseka kosachokera mumtima. "Usandiseweretse, Afsana. Lero ayi."

"Ndine, Alefa. Dzulo, Gracian atatuluka. Ndinakuona ukulira Lachinayi, mtima unandiwawa. Ndinati mzere umodzi wokha, palibe angaone. Ndimafuna upite kuofesi kuja, usapite ku Thyolo. Ndinkayesa usangalala. Nanga ndikanadziwa bwanji kuti ukana yankho lokhoza? Ndani amakana yankho lokhoza?"

"Bwanji sunandiuze?"

"Ukanakana."

"Inde ndikanakana! Ndiye unaona kuti bola undipusitse? Ndipo muja muja unali phee, ine ndikutchedwa mbava. Gracian akugwada kutola kiyi, iwe uli phee!"

Afsana anayamba kulira. "Ndinachita mantha. Abambo anga ukuwadziwa. Anandiuza kuti akadzangomva mlandu uliwonse kusukulu, basi, ndizikakhala pakauntala kudula nsalu. Anakana kale kuti ndipitirire Fomu 2, anachita kuwapempha ndi amayi. Ukanditchula Lolemba, sukulu yanga yathera pomwepo. Iwe ukangotaya holide, ine nditaya zonse. Chonde, Alefa. Chonde."

Alefa anatsamira chitseko chachitsulo cha sitoloyo. Amene anam'bweretsera tsoka anali mnzake amene ankagawana naye chakudya pa buleki chiyambire Fomu 1. Ndipo amene iye anam'loza chala pamaso pa sukulu yonse, mokweza, mosakaika, analibe mlandu uliwonse. Zimenezo sanachite Afsana ayi, anachita yekha ndi pakamwa pake. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo.

Patsidya pa msewu woitanira ankakuwa, "Chigumula-Bvumbwe! Chigumula mmodzi, yodzadza!" Alefa sanasunthe.

"Lonjeza kuti sunena," anatero Afsana atam'gwira mkono.

Alefa asanayankhe, anaona munthu akuwoloka msewu pakati pa magalimoto, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Dalaivala wina analiza hutala n'kutukwana. Munthuyo sanacheuke. Anali Gracian, tayi ili m'manja, maso ali psuu.

Anaima patsogolo pawo. Afsana sanamuyang'ane n'komwe.

"Amayi anga amadwala mtima, Alefa," anatero Gracian ndi mawu osasa. "Ndikupita kukawauza kuti Lolemba akufunika kwa ahedi chifukwa mwana wawo ndi wakuba. Ndisanapite ndati ndimve kaye kwa iwe. Undiyang'ane m'maso muno, unenenso kuti ndine."

Zala za Afsana zinalowa m'mkono wa Alefa mpaka kuwawa.